Chigamba pa Mawu a Amayi

4 Malichi

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko? Miyendo ija yasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito ikundithamangitsa ngati ndaba. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya, zikomo," kenako mwadula.

Laputopu ndakutumizirani ija musaifunditse nsalu ngati wailesi yakale. Ili ndi ntchito. Mukukumbukira kuti Amayi atayamba kulephera kulandira ophunzira kunyumba, ankajambula mawu awo pa foni akusoka, n'kumawatumizira? Maphunziro amenewo ndikufuna ndiwaike pa intaneti, kuti aliyense wofuna kuphunzira kusoka aziwamvera. Amati podikasiti. Ili ngati pulogalamu ya pa wailesi, koma munthu amamvera pa foni yake nthawi imene wafuna.

Mawuwo afunika kukonzedwa kaye, kuchotsa phokoso ndi zina zosafunika. Mu laputopumo ndaikamo mapulogalamu awiri okonzera mawu. Yoyamba ndi yaulere, koma chilichonse mumachita ndi manja anu. Yachiwiri ndi yolipira, zimenezo zisiyeni kwa ine. Ili ndi batani limodzi lobiriwira, mukangolidina imatsuka zonse yokha. Muyese onse awiri, musankhe. Ndikanakhala ine, ndikanatenga yachiwiriyo maso ali chitsinzinire.

Ndikanachita ndekha zonsezi, koma foni ya Amayi munakana kunditumizira, ndipo sindikukudandaulani. Komanso mayi aang'ono akuti masiku ano mumangokhala pakhonde kuwerenga njinga zodutsa. Ndiye nayi ntchito. Papepala linalo ndalemba mmene mungakoperere mawu kuchoka mu foni kupita mu laputopu. Musaope, mu fonimo satha, amatsalamo.

Mundiyankhe msanga, Bambo. Msanga wake wa mwezi uno.

Ndine mwana wanu.


29 Malichi

Kamvuluvulu mwana wanga,

Kalata yako ndinalandira, ndi laputopu yomwe. Ndili bwino. Miyendo ikuyenda. Njinga sindiwerenga, mayi ako aang'ono amakokomeza zinthu.

Ndinatsatira pepala lako ndipo mawu onse alowa. Laputopu ndaiika m'chipinda chosokera, pa tebulo lodulira nsalu, chifukwa ndi pokhapo pali soketi yosagwedera. Ndinangosuntha bokosi la mabatani ndi choko. Zina zonse zili mmene anazisiyira.

Mapulogalamu ako ndawaona. Yaulere ija ukaitsegula imaonetsa mawu a munthu ngati udzu womera mu mzere. Pamene mayi ako akweza mawu, udzu watalika. Pamene akhala chete, pali kamzere kokha ngati ulusi. Sindinkadziwa kuti mawu amaoneka. Ndinawayang'ana nthawi yaitali ndisanadine poti alankhule. Yolipira ija ilibe zambiri. Imangondifunsa ngati ndikufuna itsuke. Sindinaiyankhe.

Zodula ndiye sindinayambe. Ndagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti paipi ukaidula mofupika, yafupika basi. Mayi ako nawo ankayeza kawiri katatu asanagwire lumo, ankati lumo silipepesa. Undipatse nthawi.

Kuti usati ndikukubisira, ndakutumizira phunziro limodzi, la kusoka thumba la malaya. Intaneti ya kuno inalikoka masana onse ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola, koma ndikuona kuti linapita.

Uzidya. Pa chithunzi unatumiza chija waonda.

Ine bambo ako.


2 Epulo

Bambo,

Mwadzuka bwanji? Phunziro la thumba lafika, ndipo ndalikonza kale! Ndinangodina batani lija, tiyi wanga asanazizire zonse zatha. Phokoso la makina lachoka, galu wa aneba wachoka, malo onse amene Amayi ankangokhala chete achoka. Phunziro lafupika ndi theka. Anthu a masiku ano sadikira, Bambo, mukangokhala chete pang'ono apita kwina. Mnzanga wa kuntchito wamvera, akuti, "Mayi akowa ankagwira ntchito ku wailesi?"

Ndakubwezerani kuti mumve nokha. Za paipi zanuzo ndaseka. Kompyuta si sitolo ya zitsulo. Mukalakwitsa, pamwamba pali kamuvi kokhota, mukakadina zimene mwadula zimabwerera.

Ndiye basi tasankha, eti? Dinani batanilo pa maphunziro onse, kapena munditumizire ndidine ndine. Ophunzira akale a Amayi ndawauza kale kuti ayembekezere. Musandichititse manyazi.

Mwana wanu.


11 Meyi

Mwana wanga,

Moni wochokera kwa mayi ako aang'ono. Kuno tili bwino, kupatula msana wangawu umene ukuchita ngati ndi wobwereka. Nsapato unalonjeza zija ndikuziyembekezabe, phazi silinasinthe.

Ndikulembera za alamu anga, bambo ako. Iwe unafuna kuwachotsa pakhonde. Wawachotsadi, koma wawatsekera m'chipinda cha malemu akulu anga. Kukacha alowa, avala zomvera m'makutu zija ngati woyendetsa ndege, atuluka dzuwa litapendeka. Chakudya ndikawapititsira ndimachipeza chili chivundikirire. Ndikafunsa akuti, "Ndikusankha pulogalamu." Mwezi wathunthu kusankha? Ine mwamuna ndinasankha masana amodzi. Ndinalakwitsa inde, koma ndinasankha.

Lachiwiri anandiitana. Ndinapeza atavundukula makina a akulu anga, atathira mafuta, nsalu yodulidwa kale ili pambali. Akuti, "Mlamu, inu munaphunzira kwa iwo. Khalani apa, musoke thumba motsatira mawu." Ndiye anatsegula zimene unakonza iwe zija.

Mwana wanga, mawu anali a akulu anga ndithu, koma sanandipatse ndi mpata wolira womwe. Akuti pinda m'mphepete. Ndisanapinde akuti soka. Phazi lisanagunde chopondera akuti tembenuza, akuti dula ulusi, akuti phunziro latha. Ine nsalu ili m'manja, pakona yoyamba sindinafike.

Ndinati, "Alamu, akulu anga sankaulutsa mpira. Mwandiitanira kudzandiseka?"

Iwo anangoti, "Zikomo, mlamu," n'kutseka laputopu. Ndi madzi akumwa omwe sanandipatse.

Ine ndikuona kuti chinthuchi chikuwadwalitsa. Munthu woferedwa safunika kukhala ndi mawu a malemu m'makutu tsiku lonse. Ubwere udzatenge chimakina chakocho, kapena uwauze asiye. Usawauze kuti ndakulembera. Kaya uwauze, sindiwaopa.

Mayi ako aang'ono.


17 Meyi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale ndikumva zina. Ndalemba, ndalembanso, yankho palibe. Ndikaimba foni mukuti muli pakati pa ntchito. Ntchito yanji, poti palibe chimene mwatumiza?

Ngati simukufuna kuti mawu a Amayi amvedwe ndi anthu, nenani poyera. Anali akazi anu, inde, koma analinso amayi anga. Inu muli ndi nyumba yawo, makina awo, madiresi awo, foni yawo. Ine ndili ndi phunziro limodzi la thumba.

Anthu ndinawauza aja akundifunsa tsiku ndi tsiku. Ndikapanda kumva kwa inu, limene ndili naloli ndiliika pa intaneti mmene ndinalikonzera.

Mwana wanu.


30 Meyi

Kamvuluvulu,

Ndili bwino ndipo ndikudya. Mayi ako aang'ono anadzandiuza okha kuti anakulembera, asanakhale n'komwe pansi.

Sindinayankhe chifukwa sindinkadziwa kuti ndinene bwanji osakukhumudwitsa. Zimene unakonza ndinamvera kambirimbiri. Mawu ndi oyera, sindikutsutsa. Koma mayi amene akulankhulamo sindikuwadziwa. Sapuma. Sadikira munthu. Akulankhula ngati basi ikuwasiya.

Mayi ako akamajambula ankasoka limodzi ndi ophunzira, ngakhale ophunzirawo anali kwawo. Akati "soka mpaka pakona," ankasiya kulankhula, makina n'kumalira mpaka iwo afike pakona. Wophunzira ankaponda nawo limodzi, akamva makina aima, nayenso waima. Malo amene pulogalamu yako inataya aja si achabe. Ndi kutalika kwa msoko. Palinso pena pamene ankalankhula mapini ali kukamwa. Pulogalamuyo inayesa phokoso n'kumeza, koma ndi pamene amanena kuti usiye mpata wa chala chimodzi m'mphepete. Ndinkaganiza kuti mwina ndi makutu anga okha, n'chifukwa chake ndinaitana mlamu.

Sindikukubisira mayi ako. Ndikungoopa kuti anthu adzamva mayi wina n'kumati ndi iwo. Iwenso pakapita zaka udzayamba kuwakumbukira choncho, akuthamanga, pamene moyo wawo wonse sanathamangitsepo wophunzira.

Maganizo anga ndi akuti tiwaike mmene alili, osadula kanthu. La thumba lija usaike, chonde.

Ine bambo ako.


8 Juni

Bambo,

Kalata yanu ndawerengera m'basi, mpaka ndinapitirira potsikira.

Za makina ndi za mapini ndamva, mukunena zoona. Ine kusoka sindinaphunzire, mukudziwa, Amayi ankati pampando wanga pali minga.

Koma mmene alili sindingathe, Bambo. Pali chinthu china chimene batani lija linachotsa, ndipo inu simunachitchule. Chifuwa. Mu phunziro lija Amayi akangolankhula pang'ono atsokomola, ndipo akatha amakoka mpweya ngati akukwera phiri. Tsiku limene munanditumizira ndinamvera pang'ono n'kuzimitsa, pakati sindinafike. Ndinadina batani lija kuti ndithe kuwamvera mpaka kumapeto. Za anthu osadikira zija ndinangonena.

Inu chifuwacho munakhala nacho m'nyumba, chinabwera pang'onopang'ono, mwina makutu anazolowera. Ine ndinachoka Amayi akuimba uku akusita, ndipo pa foni ankangoti ndi chimfine. Ndikufuna ndiwamve akuphunzitsa, osati akudwala.

Ngati palibe njira yochotsera chifuwa popanda kuchotsa iwo, tingosiya. La thumba sindiika. Laputopuyo mupatse mayi aang'ono azionerapo mafilimu.

Mwana wanu.


14 Julayi

Bambo,

Muli moyo? Mayi aang'ono nawo angoti zii, ndiye ndikudziwa kuti pali china, chifukwa iwo kukhala chete si kwawo. Ngati ndinakupwetekani ndi kalata ija, pepani. Za podikasiti tiiwale. Mungondilembera mizere iwiri, ngakhale ya miyendo yokha.

Mwana wanu.


19 Ogasiti

Kamvuluvulu mwana wanga,

Ndili moyo. Miyendo ili bwino. Mizere iwiri yatha, koma ndipitiriza.

Sunandipweteke. Ndinachedwa chifukwa sindinafune kukulonjeza chinthu chimene sindinkadziwa ngati manja anga angathe. Mayi ako aang'ono ndinawapempha kuti asaulule, ndipo apirira kwambiri. Uwathokoze, atsala pang'ono kuphulika.

Pulogalamu ndasankha. Ndi yaulere ija, ya udzu. Inayo usiye kulipira.

Ndinayamba ndi kukopera phunziro la thumba, kuti ndizidula pa lokopera, lenileni likhale pambali. Mayi ako nawo nsalu yokwera mtengo ankayamba ayesera pa pepala. Kenako ndinafunafuna chifuwa. Sichivuta kupeza. Pakati pa udzu wa mawu chimaima chokha, chachitali, ngati chitsamba cha minga. Ndinachizunguliza n'kudina podula. Chinachoka. Ndinadina kamuvi kako kokhota, chinabwerera. Ndinadula, ndinabweza, ndinadula, ndinabweza, mpaka ndinakhulupirira. Tsiku limenelo sindinachitenso china.

Vuto linabwera pambuyo. Mayi ako ankatsokomola phazi likupondabe. Ukangodula chifuwa, wadulanso kulira kwa makina, msoko wafupika, ndipo polumikizapo pamamveka ngati singano yadumpha. Ndinavutika nazo masiku angapo. Kenako ndinakumbukira mmene ankakonzera buluku langa la kuntchito likang'ambika pabondo. Ankadula kansalu m'kati mwa mpendero wa buluku lomwelo, kuti chigamba chifanane. Ndiye inenso ndimapita pamene makina akulira okha bwinobwino m'phunziro lomwelo, ndimatenga kachidutswa kofanana kutalika ndi chifuwa chimene ndachotsa, ndimaika pamenepo. Ndikalumikiza pakati pa kugunda kwa makina, pamamveka. Ndikalumikiza pogunda penipeni, sipamveka. Izi zanditengera nthawi kuti ndizidziwe.

Chifuwa chilichonse ndimachimvera maulendo ambiri kuti ndidziwe poyambira ndi pothera. Unalemba kuti mwina makutu anga anazolowera. Sanazolowere, mwana wanga. Masiku amenewo akayamba kutsokomola ndinkatuluka kukatsuka kapu yoyera kale. Tsopano ndilibe kothawira, poti wodula ndine. Ndimachita pang'ono, ndimakayenda mumsewu mpaka pa sitolo yanga yakale, ndimabwerera.

Nditamaliza la thumba ndinaitananso mlamu. Anafika akunena kale.

"Mukandithamangitsanso lero, ndikusokerani pakamwa."

Ndinati, "Khalani pansi, mlamu. Madzi akumwa awo ali apo."

Anapinda pamene mayi ako anati pinda. Anaponda pamene makina a mu laputopu anayamba kulira, ndipo m'chipindamo munali ngati muli makina awiri. Atafika pakona, onse awiri anaima pamodzi. Mawu anati, "Tsopano tembenuza, usakoke." Anatembenuza. Thumba linatha, lowongoka bwino. Mlamu, ulusi osadula, anati, "Alamu, akulu anga achira." Zimene zinatsatira sindilemba. Kumaso anapukutira thumba lomwelo.

Ndakutumizira la thumba, la mpendero ndi la kolala. Mapini akukamwa ndawasiya, galu wa aneba ndamuchotsa. Enawo ndizikonza limodzilimodzi, usandifulumizitse.

Koma mu la kolala muli malo amodzi amene ndalephera, ndipo ndikukuuziratu kuti asakudzidzimutse. Tsiku limenelo mayi ako analibe woyesera, ndiye anandiveka ine bulauzi ya kasitomala wina, akuti mapewa athu ndi ofanana. Udzamva akuti, "Imani bwino, bambo inu, mukugwedeza kolala yanga." Kenako pini inandibaya pakhosi, ndinati mayo. Ndinaweramira pa foni n'kunena kuti, "Ophunzira nonse, mwamva mmene aphunzitsi anu amazunzira mwamuna wawo." Mayi ako anaseka. Anaseka kuseka kwawo kuja kumene umakudziwa, mpaka mapini anagwa pansi. Ndipo kusekako kuli m'kati, chifuwa chinabwera.

Ndayesa njira zonse. Ndakulitsa udzuwo mpaka unadzaza galasi lonse la laputopu, kufuna poti ndilekanitse. Palibe. Kuseka ndi chifuwa zalukana. Ndikachotsa chimodzi, chinacho chikupita nacho, ndipo kuseka kwina koti ndidulepo chigamba kulibe. M'maphunziro onse ndi pokhapo pamene anaseka.

Ndiye ndapasiya mmene palili. Pali chakumapeto, akangonena za kusita kolala. Ngati sungathe, uime pamenepo, undiuze, ndidzadula zonse ziwiri ndipo sindidzakufunsa kanthu. Maphunzirowa ndi ako. Usankhe iwe.

Ine bambo ako.


23 Ogasiti

Bambo,

Moni. Onse atatu afika.

La kolala ndinaima pa kusita, monga munanenera. Ndinachapa, ndinasesa, ndinapita ku sitolo kukagula zinthu zimene ndili nazo kale. Nditabwerako ndinapitiriza.

Pamenepo musadulepo. Ndi mayo wanu yemwe musamukhudze.

Loweruka ndiika la thumba. Koma mundiyankhe kaye ichi, ndipo musachedwe: bulauzi yake inali ya mtundu wanji?

Mwana wanu.